Tiyi wa pa Khoma

Madzulo aliwonse ku Gabura, pa khoma lotchinga madzi,
Mofizul ndi Shefali amakangana pa benchi langa
ine ndikuwathirira tiyi.

Mofizul anaphunzira ku Khulna. Amagogoda foni ndi chala:
"Makolo athu ankatha ndi kolera mudzi wonse,
namondwe ankalowa usiku popanda odi.
Lero wailesi imatichenjeza kudakali masiku atatu.
Kwabwera mpunga wopirira mchere, mlongo.
Munthu salephera, amangochedwa."

Shefali sayankha msanga.
Amatambasula zikhatho zong'ambika ndi madzi amchere,
kenako n'kuloza pakati pa mtsinje
pomwe ngalawa ikudutsa:
"Apo ndi pa manda a mayi anga.
Kawauze iwowo kuti tangochedwa."

Pabenchi pamangoti zii.
Khwangwala amatola nyenyeswa za bisiketi.

"Ndiye tingokhala manja lende?" amafunsa Mofizul, mawu atatsika.
"Wakhala ndani? Khoma lino ndalisenza pamutu kanayi.
Chimene ndikukana n'kuomba m'manja
ndikadali m'matope."

Ine sindilowerera. Madzi a tiyi ndimagula a m'chigubu,
chitsime chathu chinalawa nyanja chaka cha namondwe uja
ndipo sichinabwererenso.

Koma dzulo m'mawa, madzi ataphwa, ndinawaona kuseri kwa khoma,
Shefali akubzala timitengo ta m'matope,
Mofizul atakwinya nsalu m'chiuno, akumugwirira chingwe,
akutsutsanabe
za pomwe nyanja idzalekezere adzukulu akadzakula,
mapazi akumira pang'onopang'ono,
manja akukwirira mizu.