Mwana wa Wokonza Mafiriji

Chipale choyamba chimene Zelipa anachigwira
chinali cha m'firiji ya eni ake ku Chilenje,
chimene atate ankapala ndi supuni
asanatsegule injini kumbuyo.
Anachinyambita, nati chikununkha kapenta.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri
azakhali, anamwino aja, anamutenga
kupita kudziko limene mapiri ake amavala zoyera miyezi isanu.
Ine ndinatsala ndi masipanala
ndi njinga yake yopanda mabuleki.
Lusaka ndi wosalala ngati chikhatho;
chitunda chimene tinkachidziwa
ndi chulu cha kuseri kwa tchalitchi.

M'kalata yoyamba munali chithunzi:
kamtsikana katamanga matabwa awiri kumapazi,
ndodo ziwiri m'manja.
Atate anati, "Amupundula mwana wanga?"

Kenako zaka zinayenda.
Mano awiri anatsala m'phiri lina lovuta kulitchula.
Ankadzuka nyenyezi zisanazime
kupaka phula kunsi kwa matabwa,
kuloweza njira atatsinzina,
dzanja likukhotakhota m'malere:
mbendera yofiira, yabuluu, yofiira,
apa pinda bondo, apa usapume.
Ankagwa, chipale n'kudzaza m'kamwa,
ankalavula n'kukweranso.

Tsiku la mpikisano waukulu magetsi anathima kwathu.
Tinathamangira kubala ya a Njobvu ku Kabwata
kumene jenereta inkatsokomola pakhonde.
Anyamata ankafuna mpira.
Atate anawagulira aliyense botolo
kuti atibwereke kanema mphindi ziwiri zokha.
Zelipa sanazimalize n'komwe.
Anatumphuka pakakhomo pamwamba penipeni,
mutu pansi, zigongono m'nthiti,
liwiro loti minibasi ya pamsewu wa Kafue ingachite manyazi,
fumbi loyera kobo! kumbuyo kwake,
ndipo pansi paja nambala inayaka yobiriwira.
Anapambana ndi kachibenthu ka sekondi,
kochepa kuposa kuphethira.
Wina anafunsa, "Ndiye kuti wachinya?"
Atate anapukuta nkhope ndi kansalu ka girisi.
"Wachinya," anatero.

Nyengo zachisanu zisanu ndi imodzi
azungu analipotoza dzina lathu pazokuzira mawu,
akuliza mabelu a ng'ombe, akumupatsa maluwa
amene sankafika kuno.
Ya chisanu ndi chiwiri, pakona imene ankaidziwa ngati khomo la kwawo,
tabwa lakumanzere linakana kumvera.
Bondo linathetheka.
Tinamuona akulendewera m'thumba lofiira
kunsi kwa helikopita,
atate nadzuka kukakonza firiji imene inalibe vuto.
Maliro awo anawaonera pafoni,
mwendo uli m'chikhakha,
akundipempha kuti ndiyandikitse kamera kubokosi.

Lero ali kuno. Ndi Okutobala,
phula la mumsewu likumata nsapato,
jakaranda wathothoka pagalimoto za anthu.
Kumsika wa Soweto owilibala amamukalipira,
"Mayi, njira!"
iye n'kupatuka, akutsimphina pang'ono,
munthu amene mapiri ankamupatukira.
Mamendulo ali m'chitini chimodzi ndi mabawuti.
Ana a aneba akamufunsa za chipale
amawauza kuti chimapweteka ngati simenti,
kenako amawakhazika pamakatoni
pamulu wa mchenga wa omanga nyumba
n'kumakuwa, "Yang'ana kumene ukupita, osati kumapazi!"

Usiku magetsi akathima
amatsegula firiji ya kasitomala madzi asanayambe kudontha,
amapala ndi supuni ya atate ija,
amakulunga m'thawulo n'kuika pabondo.
Mumdimamo ndimamva mpando ukulira,
ndimadziwa kuti watsinzina,
dzanja layamba kukhota.
Ine ndimawerenga chamumtima, sindimuuza.
Pakona ija amaima kupuma,
amadutsa,
ndipo amafika pansi nthawi yake yomweija:
mphindi imodzi, masekondi makumi atatu ndi asanu ndi atatu.
Kenako amandifunsa ngati kandulo ilipo.