Sitima ya Mabokosi a Tiyi

Aphunzitsi a Nakhumwa anafika kushedi kwanga Lachiwiri,
chiperoni chili waa pamalata,
nati: Bambo Khoromana, mundikhomere sitima.
Ine wokhoma mabenchi ndi mabokosi a maliro,
amene madzi aakulu ndimawaona Ruo akakwiya basi,
ndinaseka mpaka pensulo kugwa kukhutu.

Akuti gule wake ndi bale.
Ndinayesa akuti mbale.
Ayi, nyakunyaku wa pa zala za kumapazi, wopanda mawu,
wobadwira kutsidya kwa madzi amchere
agogo a agogo athu asanamere mano.
Nkhani ya achifwamba a panyanja,
namwali wogulitsidwa pamsika,
ndi sitima yosweka pamapeto.
Akuti kwawoko ankaimiza ndi zingwe ndi mawilo,
amuna makumi atatu akutuluka thukuta pansi pa nsanja,
ndipo mbadwo uliwonse unkasokererapo chigamba chake
mpaka mwini nsalu osadziwikanso.

Nanenso ndinasokererapo changa.
Mabokosi a tiyi asanu ndi awiri ochokera kufakitale,
mlongoti wa bulugamu,
thanga la matumba a feteleza,
mawilo a wilibala yakufa.
Nyanja inali maneti a udzudzu obiriwira,
ana a Sitandade 4 atagwira m'mbali,
akukupiza ngati amayi akupeta mpunga wa ku Chilwa.

Dorika, mwana wa wothyola tiyi ku Lauderdale,
ndiye anali namwaliyo.
Nsapato zake ndinaziumba ndekha kunsonga
ndi guluu ndi chiguduli.
Zikhadabo ziwiri zinathothoka. Sanalire.
Koma pa gawo la msika anakana kumwetulira.
Aphunzitsi nati: pepala likuti umwetulire.
Iye nkuloza pawindo,
kumpata wa pakati pa phiri ndi Michesi,
kumene anthu ankadutsa magoli ali m'khosi
kupita kunyanja yomweyo.
Anati: anamwetulira amenewo?
Holo yonse inangoti zii.
Aphunzitsi anapinda pepala lija, nkuika m'thumba.

Loweruka ku Chitakale munalibe poponda.
Wotukuta, mkulu wa achifwamba,
mpango wa mayi ake kumutu, chikwanje cha pulayiwudi,
anazungulira kasanu ndi kamodzi mwendo uli m'malere,
kachisanu ndi chiwiri anagwera m'nyanja,
nyanja nkuseka.

Ndiye namondwe.
Ine pansi pa nsanja, chingwe m'manja,
Ebenezeri akugwedeza lata kuti likhale bingu.
Magetsi anathima, osati athu, a boma lonse.
Wayilesi ya nyimbo inafa.
Anthu anayatsa mafoni,
ndipo m'kuwala kwa ziphaniphani kumeneko
Dorika anapitiriza,
phazi lili gu, gu, pa matabwa amene ndinapala,
fumbi likundigwera m'maso.
Sindinamuone. Ndinamumva ndi mutu.

Ndinakoka chingwe.
Sitima inang'ambika pakati monga ndinapangana nayo,
fungo la tiyi wakale linadzaza holo,
mayi wina kumbuyo anakuwa: Mwana wangayo mutulutseni!

Lolemba ndinazula misomali, nkuiwongola.
Matabwa abwino anapita ku shelefu ya ofesi,
ena ndinakhomera khola la nkhunda.
Mlongoti wokha ndinausiya pakhomo pa shedi.
Chiperoni chikatsika kuphimba minda ya tiyi,
mizere yonse ikumira umodzi umodzi,
ndimautsamira,
ndipo pansi pamayenda.