Malonje a Pakhomo la Tsamba

Kashopu kanga kali kuseri kwa depoti ya Mangochi,
pakati pa wometa ndi wogulitsa machubu a njinga.
Ndimataipa makalata a anthu:
ofunsira ntchito, odandaula za malire a munda,
oitanira abale ku sadaka.
Kompyuta ndi imodzi, mlamu wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni,
ndipo Lachiwiri inayamba kutsokomola.

Twaibu wokonza mafoni anaimvetsera nati,
pulogalamu yaikulu, ija imabereka zinzake kumsana,
yang'ambika; ikufuna zigamba.
Eni ake ali ndi tsamba loonerapo ngati zatuluka.

Ndinagula bandulo ya masiku awiri.
Ndinatsegula bulauza yanga ya masiku onse, ya nkhandwe ija,
ndinagogoda.

Tsamba silinafunse kuti odwala agona bwanji.
Linangomva dzina la wogogoda
n'kuti, sitikukudziwani,
bwerani ndi bulauza ya m'nyumba muno.
Chonsecho makina ndi awo omwe,
chidindo chawo chikadali pambali, chongosuluka ndi dzuwa.

Twaibu anaseka, napukuta thukuta ndi kapu.
Achemwali Asiyatu, bulauza iliyonse imapereka malonje:
ndine uje, wa msinkhu wakuti,
ndakwera pa makina akutiakuti.
Mlonda wa pakhomopo salowa m'chipinda,
sagwira mutu wa wodwala,
amangomva malonje basi,
ndipo mayina amene anamulembera papepala ndi atatu kapena anayi.

Ndinakumbukira banki ya ku Zomba,
mlonda atayang'ana mpango wanga ndi mapatapata,
atamva Chiyao chotsalira pa lilime langa,
n'kundilozera mzere wa osayina ndi chala,
ine amene zala zanga zimathamanga pa kiyibodi
osayang'ana pansi.
Sindinamuuze Twaibu zimenezo.

Iye anati tingoinamiza.
Analowa kuseri kwa bulauza, kumene ine sindipitako,
anafafaniza mzere umodzi, nalemba wina.
Nkhandwe inavala jekete yobwereka,
inatchula dzina la mwana wa m'nyumbamo,
la makina a chaka chino.

Chitseko pululu.
Takulandirani, tsamba linatero, khalani pansi.
Kagudumu kanazungulira pa sikirini,
kanazungulira,
bandulo ikutha ngati madzi m'chidebe chobooka,
kenaka chizindikiro chobiriwira:
zonse zili bwino,
muli ndi zatsopano zonse, palibe chokupatsani.

Pamenepo kompyuta inatsokomolanso,
kalata ya Che Mdala Kaisi inauma pakati pa chiganizo,
pa mawu akuti ndikupempha.

Ndiye tione.
Tikanena zoona, atitsekera kunja.
Tikanama, atilowetsa, atiyamikira thanzi,
atiperekeza opanda mankhwala.
Wodwalayo sanafunsidwe kanthu maulendo onse awiri.

Twaibu anakanda m'mutu.
Akuti bulauza ya m'nyumbamo ilipo ndithu,
yabisala penapake m'makinamu, yafumbi,
mwina mlonda aikumbukira nkhope,
mwinanso anena kuti nayonso yakalamba.
Tiyesa mawa, anatero,
foni yake ikulira m'thumba, wina akufuna batire.

Folo koloko isanakwane magetsi anapita.
Fani inazungulira kawiri n'kuima.
Panja akabaza ankaimba mabelu kulowera ku mlatho,
mnyamata wa mafiriza akukuwa kuti asasungunuke.

Che Kaisi anali akadali pa benchi,
envulopu yabulauni pa bondo,
basi ya ku Liwonde yawasiya kale.
Ndinatulutsa pepala ndi cholembera.
Ndinayamba kuwafunsa dzina, monga mwa chizolowezi,
kenaka ndinaleka.
Ndinati, bambo, yambani ndi chimene chikukupwetekani,
dzina tilemba kumapeto.