Chilembo Chachitatu

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkasaka zolakwika
m'nyuzipepala ya ku Sundsvall,
pensulo yofiira kuseri kwa khutu, khofi akuzirala pambali.
Ndimadziwa pomwe mpeni umalowa m'liwu lalitali.

Tengani natt, ndiwo usiku.
Tengani tåg, ndiyo sitima.
Akakwatirana amabereka nattåg, sitima ya usiku.
Werengani ma t. Anayenera kukhala atatu.
Koma Chiswidishi chathu sichilola atatu ofanana pa benchi imodzi,
ndiye mmodzi amadzuka mwakachetechete,
kutenga chikhoti chake n'kutuluka.
Palibe amene amamufunsa kuti akagona kuti.

Tsopano litchuleni mumve.
Mphamvu yonse imagwera pa natt.
Tåg amalandira zotsala, kamtunda kochepa kumathero,
ngati mkono wokwezedwa pamsonkhano
wapampando atatseka kale buku.

Torvald ndiye anali liwu loyamba.
Sindikumuneneza ayi. Ankaseka mpaka mbale kunjenjemera,
pampu yakufa ankaidzutsa ndi sipanala imodzi.
Anthu ankati a Näslund afika,
ine ndili m'kati mwa dzinalo, chakumapeto.
Mluzu ndinasiya, unkamupweteketsa mutu.
Ndinasiyanso kuvomera ngati kwathu ku Jörn,
kumene inde satchulidwa,
munthu amangokoka kampweya pakati pa milomo, basi wavomera.
Ankati ndikumveka ngati ketulo yobooka.

Komatu osindikiza akale ankadziwa chinthu china.
Mzere ukatha, liwu n'kuduka pakati,
natt-
tåg,
t uja amabwera.
Sagogoda. Umangomupeza ali khale pamalo pake
ngati anangotuluka kukagula machesi.

Tinamuika Lachinayi, chipale chofewa chikugwa mopingasa.
Usiku uno ndili pa bedi lapansi, chipinda chachisanu ndi chimodzi,
sitima ikukwera kumpoto,
mitengo ya paini ikuthawira kumene ndachokera.
Woona matikiti, mnyamata wa ndolo kukhutu,
wafunsa ngati andidzutse tikamayandikira Jörn.
Ndisanaganize n'komwe
milomo yatseguka kampata,
mpweya walowa m'malo motuluka.
Iye wamva. Walemba m'kabuku kake, wapita.

Kamzere kodulira kaja kamawawa,
musalole wina akunamizeni.
Komabe pa nthunzi ya pazenera
ndalemba liwulo ndi chala, mizere iwiri,
ndawerenga kawiri konse.
Atatu.
Ndipo munthu yekhayo amene ndikanamugwedeza phewa kuti aone
ndi Torvald.