Mfundo ili ndi eni ake

Loweruka ndinajambula aNangozo
akutsegula belo la kaunjika pa Tsoka.
Pulayala pa waya, waya n'kuthethetsa,
majekete n'kufufuma ngati apuma koyamba.
Mphindi khumi ndi zinayi m'foni mwanga:
fumbi, phokoso la mitengo,
ndi mnyamata wa mandasi amene anadutsa kawiri
kuti naye aoneke.

Madzulo ku Biwi laputopu inandikanira.
Mawu okha ndiwo ankatuluka,
aNangozo akuitanira malonda mumdima,
nkhope osaoneka.
Kabokosi kanatumphuka pagalasi:
gulani kaye chilolezo cha kodeki.
Mtengo wake ndi wochepa, akutero,
koma ndi wa madola,
ndipo khadi langa la kubanki silidziwa kuwoloka nyanja.

Lolemba ndinakwera kabaza mpaka ku Malangalanga
kwa Khwauli wokonza mafoni,
uja wa chala chopsa ndi mtovu.
Osadzutsa n'komwe mutu anati:
Chemwali, kanema ndi belo.
Wotambasuka sayenda, data ingakusaukitse,
ndiye amamupinda, amamufinya, amamumanga.
Zovalazo ndi zako, sindikukana,
koma mfundoyo ili ndi eni ake,
ambirimbiri, aliyense ndi buku lake la malisiti,
ngati okhometsa msonkho atatu
kuimirira pa benchi imodzi ya tomato.

Ndinati: nanga ine,
wonditsatira mazana asanu ndi limodzi,
theka la iwo azisuweni,
ndili ndi ngongole kwa anthu amenewo?
Anaseka mpaka kasikulu kanagwa pansi.
Iwe sakudziwa ngakhale dzina lako.
Amalipira ndi opanga mafoni ndi mapulogalamu,
koma ndalamayo imadzagona mu mtengo wa foni yako
monga lendi ya okala imabisala mu sopo.

Ilipo ina, anatero, mfundo yaulere,
yopanda mlonda pachipata.
Belo lake laling'ono, lothina bwino,
koma pa laputopu yako yokalambayi
imanga mpaka tambala alire,
ndipo mafoni akale poimasula amachita chibwibwi.
Ndiye pali yakale ija, yodziwika paliponse,
imene ngakhale foni yong'aluka ya kondakitala imaimva.
Imeneyo siikana munthu,
koma bandulo imadya ngati alendo a pamaliro.

Ine ndi mtima wanga wokana kuuzidwa
ndinasankha yaulere usiku womwewo.
Fani ya laputopu inalira ngati chigayo cha ku Mchesi,
kamzere kobiriwira kakukwawa,
makumi anayi,
makumi asanu ndi limodzi,
ndinawiritsa tiyi, ndinachapa masokosi,
makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zitatu,
magetsi thi!
Batire imene inafa chaka chatha sinadzuke.
Ndinakhala pamphasa nditagwira kapu yozizira,
agalu a kwa aneba akundiseka.

Lachitatu ndinagonja, ndinamanga ndi yakale.
Ndinadikira bandulo ya usiku,
ndinatumiza maso akuwawa,
mbalame zoyamba zikuyamba kulongolola pa waya wa magetsi.

Loweruka lina ndinabwerera pa Tsoka.
ANangozo anapukuta manja pa chitenje,
anagwira foni patali ndi maso,
anadziona okha akuwerama, akukuwa, akuseka.
Sanafunse za kodeki.
Anangoti: jekete lofiiralo ndinalitaya motchipa,
taona mmene likuwalira.
Kenako anandibwezera foni,
belo lina linali litafika pa wilibala.

Ndinaima pambali, sindinajambule.
Pulayala inaluma, waya anadumpha,
anagwera m'fumbi pafupi ndi ngalande.
Ana awiri anathamangirana,
wamng'onoyo ndiye anapambana,
anaupinda pabondo pomwepo,
wayamba kale kuona matayala ndi chiwongolero.
Anapita nawo chothamanga kulowera ku mlatho,
palibe anamuitana kuti aonetse lisiti.