Masabata Asanu ndi Limodzi pa Khonde

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudzutsa Lusaka ndi hutala,
Chelstone mpaka Kulima Tower, Kulima Tower mpaka Chelstone,
diso lina pa maloboti, lina pa apolisi,
m'mutu mukuwerengedwa ndalama ya mwini basi.
Mukadandifunsa kuti pabwalo panga pali mitengo ingati
ndikadati, funsani mkazi wanga.

Ilipo itatu. Gwafa, papaya, ndi mango wa eni nyumba
wogwetsera masamba kwathu, zipatso kwawo.
Ndaidziwa tsopano poti mwendo uli m'chikhakha,
adokotala anati masabata asanu ndi limodzi osaponda pansi,
ndipo Tikambenji amandikhazika pa khonde ngati thumba la makala
asanapite kukagulitsa matimati ku Mtendere.

Sabata yoyamba ndinkangomvera msewu.
Galimoto iliyonse yolira chapatali
ndinkaidziwa matenda ake.
Foni inali zii.
Yobe, kondakitala wanga, anapeza dalaivala wina.

Mpope wathu umadontha.
Miyezi inayi ndakhala ndikulonjeza kuukonza.
Pansi pake pali kadzenje ka madzi osadzaza mbale,
ndipo Lachiwiri lina ndinazindikira kuti pamenepo ndi pa siteshoni.

Oyamba kufika ndi apumbwa awiri,
dzuwa lisanakwere pa malata a a Sakala.
Amaboola papaya lakupsa uku akulongolola ngati alipira.
Kenaka timpheta ta pamtima pabuluu,
tisanu ndi tiwiri, tsiku lina tisanu ndi tinayi,
timamwa mosinthana popanda woitanira.
Njiwa imachedwa. Imayenda wapansi kuchokera ku geti
ikugwedeza mutu ngati mayi wa chigwirizano
wopereka moni mzere wonse pamaliro.
Nthengu siimwa ndi anzake.
Imakhala pa waya wa magetsi,
waya umene masiku ano ntchito yake ndi yomweyo,
ndipo dzulo inapirikitsa khwangwala woiposa kanayi
mpaka kuseri kwa tchalitchi.
Ndinaseka mpaka nthiti inandikumbutsa ngozi.

Pali tchete akumanga chisa pa nthambi ya mango.
Wamkazi anabwera, analowa, anatuluka, nachoka osanena kanthu.
Mwamuna anaphwasula chonse, udzu umodziumodzi,
n'kuyambanso.
Kachitatu tsopano.
Nditamuuza Tikambenji madzulo, anati:
ameneyo ndiye mwamuna,
ena mpope wokha wawakanika.

Ndili mwana ku Katete ndinali ndi legeni m'khosi,
ndinkadziwa mbalame ndi kulemera kwake m'thumba.
Lero kampheta kanatera pa ndodo yanga yoyendera,
pafupi moti ndinaona kamtima kake kakugunda pansi pa nthenga.
Ndinasiya kupuma.
Kanandiyang'ana ndi diso limodzi, kanapukuta mlomo pa mtengo,
kanapita.
Sikanandifunse za makolo ake.

Sindine munthu wa mapemphero aatali,
ku tchalitchi ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.
Koma masana a Okutobala ano,
fumbi litakhala pa masamba a gwafa, mzinda wonse ukuwira,
ndimapezeka ndikunena zikomo, osadziwa kuti ndayamba liti:
chifukwa cha mwendo winawu umene unatsala,
chifukwa cha mthunzi umene umafika pa mpando wanga teni koloko,
ndi tulo ta masana, timene ndinatiiwala kukoma kwake.

Lachinayi akuchotsa chikhakha.
Ndidzabwerera pa chiwongolero, ana sadya nyimbo za pumbwa,
ndizidzatuluka mdima ulipo, siteshoni yanga isanatsegule.
Ndamuuza Esinala kuti asanapite ku sukulu
aziona ngati kadzenje kali ndi madzi,
ndipo madzulo azindiuza za tchete,
ngati wamkazi uja wavomera.

Mpope ndidzaukonza mvula ikagwa.