Kuyeza Dzuwa ku Corris

Kuno dzuwa timachita kuyeza ngati mchere wapangongole.
M'mawa uliwonse ndimakwera phiri, kachipangizo kali m'thumba la jekete,
kadiso kagalasi kosaphethira,
n'kukagoneka pansi pa mitengo ya a Prydderch
ndi kulemba m'kope zomwe kaona.

Mitengoyi ndi ya matabwa.
Anaidzala bambo awo mgodi wa miyala utatsekedwa,
ndipo macheka aidikira zaka zina makumi awiri.
"Pansipa pakungogona," anatero a Prydderch, "tidzalepo mankhwala."
Tinadzala valeriyani wogonetsa osowa tulo,
katsamba ka fungo la ndimu kotonthoza m'mimba,
ndi adyo wam'tchire.

Kumunsi, kumene paini wagwirana mapewa,
masana omwe kuli mdima wa ndiweyani.
Kadiso kanga kamapeza magawo asanu okha pa zana.
Valeriyani watalika ngati mwana wokulira m'chaka cha njala,
khosi lowonda,
masamba otambasuka ngati zikhatho za wopempha.
Ndinakumba muzu n'kununkhiza:
madzi okhaokha.
Mphamvu zonse zinathera kusuzumira kumwamba.

Kumtunda, kumene chimphepo cha chaka chatha
chinazula mitengo isanu ndi iwiri,
dzuwa la Julaye limakhuthuka losasefa.
Katsamba ka ndimu kafupika, kakhakhala, m'mphepete mwapserera,
koma ukakafikisa pa zala
fungo limakuperekeza mpaka m'basi ya ku Machynlleth,
amayi okhala pambali n'kumafunsa dzina la sopo.

Adyo ndiye wochenjera.
Anasankha pansi pa mitengo ya oki, yochedwa kuvala masamba.
Amadzuka mu Malichi denga lisanafoleredwe,
amadya kuwala kwa chaka chonse m'masabata ochepa,
ndipo mthunzi ukamafika umapeza atatsuka kale mbale,
wabwerera pansi kukagona.

Ine ndi a Prydderch sitimvana.
"Dulani umodzi pa isanu iliyonse," ndimatero, kope lili m'manja.
Iwo amapukusa mutu, amasisita khungwa:
"Wopanikizika ndiwo umawongoka.
Ukaupatsa malo umachita nthambi, thabwa limadzaza mfundo,
mtengo n'kutsika mtengo."
Akuwerenga zaka, ine ndikuwerenga maola a kuwala.
Tonse tili ndi manambala, palibe wonama.

Novembala atafika mawondo anga anayamba kudandaula.
Masitepe a pakhomo anasanduka chitunda.
Adokotala anatenga magazi, patapita sabata anandiitana.
"Mayi Nachuma, m'magazi mwanu mwachepa dzuwa."
Ndinaseka mpaka anachita manyazi.
Ine, mwana wa wocheka matabwa ku Chongoni,
amene ndinakula ndikulithawa,
kulitukwana pa mzere wa kuchigayo,
kulitchinga ndi chitenje, ndi katoni, ndi tsamba la nthochi,
lero andilembera pa pepala,
ndizimeza kambulu kamodzi patsiku, nditadya.

Usiku umenewo ndinatsegula kope.
Mizere itatu: kumunsi, kumtunda, pakati.
Wachinayi sindinaulembe,
koma ndikudziwa mzere umene anandidzalamo.

Tsopano ikakwana thwelofu, mitambo ikang'ambika pang'ono,
ndimapita pomwe chimphepo chinaboola denga,
ndimapinda mikono ya juzi, ndimakweza chibwano,
ngakhale adokotala ati la miyezi ino ndi lopanda mafuta.
Dzulo a Prydderch anandipeza nditaima choncho.
Sanafunse kanthu.
Anangotsika kumunsi ndi chitini cha penti yofiira,
ndipo ndinawamva akuwerenga m'chilankhulo chawo,
akudumpha, akubwerera, akung'ung'udza,
mpaka anaika chizindikiro pa mtengo umodzi.

Umodzi pa isanu ndi itatu, osati pa isanu.
Ndalemba tsikulo m'kope.
Muzu wa valeriyani tidzaununkhizanso chaka chamawa.